Ulendo wotsika Khwekhwerere kukaitana mayina

Zonse zinayamba ndi chithunzi. Mnzathu wina amene amakhala ku Johannesburg anachipeza pansi pa chikwama chake chakale, n'kuchiponya pa gulu lathu la WhatsApp usiku wina m'mwezi wa Meyi. Ndi chija tinajambulitsa mu 2004, kutatsala sabata imodzi kuti tiyambe mayeso a MSCE. Wojambulayo anabwera pa njinga yakapalasa, kamera ili lende m'khosi, ndipo zithunzizo tinazidikira milungu itatu chifukwa filimu ankakatsukitsa ku tauni. Tilimo anthu 21, anyamata 16 ndi atsikana 5, titaima kutsogolo kwa chipupa cha njerwa chopanda pulasitala. Tonse ndife owonda. Amene anali ndi nsapato zooneka bwino anakhala mzere wakutsogolo, enafe tinabisa mapazi kumbuyo.

Usiku umenewo palibe amene anagona msanga. Mauthenga anali mbwee, uyu akukumbutsa ichi, uyo akuseka icho, mpaka wina analemba kuti, "Anzanga, chaka chino zakwana zaka 20. Bwanji tikakumane pakhonde lomwe lija?" Tinagwirizana za Loweruka lina mu Ogasiti, masukulu atatsekera. Ndalama tinasonkha pa Airtel Money ndi pa Mpamba, n'kutumiza kwa mnzathu amene amaphunzitsa pa pulayimale ina kufupi ndi kwathuko kuti agule mbuzi, mpunga ndi nkhuni, komanso apeze amayi otiphikira. Pa gulupo tinalipo 14. Sindinadzifunse n'komwe za enawo. M'mutu mwanga kalasi yathu inali anthu a m'chithunzi aja basi.

Ndinanyamuka ku Area 25 mbandakucha, ndipo ku depoti ya Lilongwe ndinafika dzuwa lisanatuluke bwinobwino. Anyamata oitanira anagwira chikwama changa ndisanatchule n'komwe kumene ndikulowera. Ndinakwera minibasi ya ku Ntcheu, imene inaima pafupifupi ola lathunthu injini ikulira ngati inyamuka pompo. Titadutsa Nathenje ndi Kamphata n'kuwoloka mtsinje wa Diamphwe, ndinayamba kuyang'anitsitsa m'misika ya m'mbali mwa msewu. Minda kuuma mu Ogasiti si nkhani, imauma chaka chilichonse. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti anthu anali atayamba kale kugula chimanga cha pa chigoba, zimene tinazolowera kuziona mu Januwale. Mvula inadula pakati pa dzinja chifukwa cha El Niño, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anali atalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Mayi amene tinakhala naye mpando umodzi, mwana ali pamiyendo, anapumira m'mwamba nati, "Bambo, chaka chino chikundikumbutsa 2002." Ndinangogwedeza mutu. Sanadziwe kuti chaka chimene watchulacho ndi chimene ndinkapita kukakumana nacho.

Ku Dedza kunali mphepo yolasa m'mafupa, phiri litafunda mtambo. Ndinatsikira pa Masasa, pamene msewu wa ku Golomoti umapatukira kuchoka mu M1. Amayi ogulitsa mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato anatiunjirira, onse atadzikulunga zitenje mpaka kumutu. Ndinagula ndowa imodzi ya kachewere, poti kumunsi kumene ndinkapita mbatata imeneyi ndi chakudya cha alendo. Kenaka tinapanikizana mu Sienta, anthu khumi m'galimoto ya anthu asanu ndi awiri, ndowa yanga itamangidwa kumbuyo pamodzi ndi matumba a anthu ena.

Amene sanatsikepo Khwekhwerere sangamvetse chifukwa chimene anthu amangoti zii m'galimoto mukangoyamba makhotawo. Msewu umapindika ngati njoka yomenyedwa, kuno phiri, uko phompho. Fungo la mabuleki limalowa mpaka kukhosi, makutu amatseka. Pa khota lina mtambo unatsala kumbuyo, ndipo chigwa chonse chinaoneka pansi pathu, chofiirira, milambe ili apo ndi apo, kutali uko nyanja ikunyezimira. M'mbali mwa msewumo muli anyamata osema tigalimoto ndi tinjinga tamatabwa, zokongola zedi, mawilo ake ozungulira ndithu. Ndinavula jekete tisanafike n'komwe pansi. Pa Golomoti, pamene pamadutsa njanji ndi msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka, thukuta linali litayamba kale. Ndi boma limodzi lomweli la Dedza, koma kumtunda akuwotha moto, kumunsi akufunafuna mthunzi.

Kuchoka apo ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, ulendo wa mphindi ngati 40 mu msewu wafumbi. Mnyamata woyendetsayo atamva kumene ndikupita anatembenuka pang'ono nati, "Akulu, inunso munaphunzira pamene paja? Ndiye munalimba." Sanali kunyoza. Aliyense wa kumeneko amadziwa tanthauzo la kusankhidwira ku CDSS. Zotsatira za Sitandade 8 zikatuluka, okhoza kwambiri ankapita ku masekondale akuluakulu ogonera konko, monga Dedza Government imene tonse tinkaitchula mwaulemu kuti Box 48. Otsatira ankapita ku masekondale a m'boma lawo. Otsalafe ndiye tinkalowera ku sukulu zoyendera za m'midzi. Sukuluzi kale zinali ma DEC, malo ophunziriramo pansi pa MCDE, koleji ya boma ya maphunziro apatali, ndipo boma linazisandutsa ma CDSS mu 1998. Chifukwa chake chinali choonekeratu: maphunziro aulere a ku pulayimale atayamba mu 1994 m'nthawi ya Bakili Muluzi, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezekera m'masukulu chaka chimodzi, ndipo chigulu chimenecho chinkayenera kudzapeza kolowera. Dzina linasintha msanga. Mabuku, aphunzitsi ndi nyumba zophunziriramo zinkabwera pambuyo, mwapang'onopang'ono.

Nditafika, choyamba kuchiona chinali mlambe uja. Ulipobe, ndipo limu ya galimoto imene inali belu lathu ikulendewerabe pa nthambi yomwe ija, waya yekha ndi amene anasinthidwa. Zina zasintha. Pali buloko yatsopano yopaka laimu, mjigo uli pafupi ndi bwalo la mpira, ndipo padenga la ofesi pali sola. Buloko yathu yakale ilipo, mawindo ake akadali a njerwa zamabowo, simenti ya pansi inakumbika mpaka kuoneka dothi. Kuseri kwake, pansi pa mtengo wa bwemba, utsi unali tolotolo. Amayi atatu anali pa mafuwa, mapoto akuluakulu akubwadamuka. Ndinawapatsa moni ndili chapatali, n'kuwasiyira ndowa ya kachewere ija. Mmodzi anabwera ndi beseni ndi jagi, nagwada n'kundithira madzi m'manja kuti ndichotse fumbi la m'njira. Ndinati, "Zikomo amayi," maso anga ali kwa anzanga amene ankandikuwira pakhonde.

Tinakwana anthu 11. Kukumbatirana kwake kunali kwa misozi ndi phwete nthawi imodzi. Hedi boyi wathu, amene ankatithamangitsa ndi kamtengo tikachedwa, tsopano ali ndi dazi ndipo ndi m'busa ku Balaka. Mtsikana amene ankayambitsa nyimbo pa asembule ndi namwino. Wina ndi msilikali, wina amagulitsa zitsulo za njinga ku Salima, awiri ndi aphunzitsi. Wa ku Johannesburg uja sanathe kubwera, tinamuimbira pa foni netiweki ikudukaduka. Palibe aliyense wa ife amene anamva dzina lake pa wailesi kuti wasankhidwa kupita ku yunivesite chaka chimenecho. Kuti munthu aganiziridwe pankafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo m'kalasi mwathu amene anangopeza satifiketi anali 6. Ine ndemwe ndinakabwereza ku sukulu yamadzulo ku Lilongwe ndikukhala kwa amalume, ndipo mpamene zinanditsegukira.

Tinalowa m'kalasi yathu yakale, aliyense n'kufunafuna pamene ankakhala. Apa ndiye nkhani zinayamba kutuluka ngati inswa. Tinakumbutsana za buku limodzi la Biology limene linkazungulira kalasi yonse, aliyense kugona nalo usiku umodzi, ndipo ukalibweza mochedwa unkakhala mdani wa anthu onse. Physical Science sitinaiphunzire n'komwe chifukwa kunalibe labu kapena mphunzitsi wake. Maikulosikopu tinaidziwira pa chithunzi chojambula ndi choko, tinkaloweza ziwalo zake zonse koma osaigwirapo. Aphunzitsi athu ambiri anaphunzitsidwa za ku pulayimale, ndipo ena patchuthi ankapita ku Domasi kukawonjezera maphunziro. Lero ndi pamene ndimamvetsa kuti bambo amene ankatiphunzitsa Geography ankakhala usiku kuwerenga mutu umene adzatiphunzitse mawa lake, iwonso akuuona koyamba. Sanatiuzepo. Ankangolowa m'kalasi malaya atasitidwa ndi simbi yamakala, n'kuyamba.

Amene kwathu kunali kutali tinkachita selufu. Tinkachita lendi tizipinda ta udzu kuseri kwa magolosale, anthu anayi chipinda chimodzi, mphasa ziwiri. Lamlungu madzulo unkabwera kuchokera kumudzi utasenza kathumba ka mgaiwa, nyemba pang'ono kapena usipa wouma, ndipo zimenezo zinkayenera kukufikitsa Lachisanu. Tinkawerengera koloboyi. M'mawa ukamina, mamina ankatuluka akuda bii ndi mwaye wa palafini. Kwa atsikana moyo wa selufu unali woopsa kuposa mmene ifeyo tinkaganizira. Namwino uja anatiuza tsiku limeneli, koyamba, kuti iye ndi anzake ankagona atatsamiritsa mtondo kuchitseko, chifukwa usiku kunkabwera azibambo a pamsika kudzagogoda, ena atanyamula sopo ndi mafuta odzola. Anyamatafe tinangoti chete. Tinkagona mayadi ochepa chabe kuchokera pamenepo, koma sitinkadziwa, kapena tinkasankha kusadziwa.

Tinatchulanso madamu athu a Chichewa. Anayamba kudwala tili Fomu 3, kuwonda, kutsokomola, milomo kusuka. Ankabwerabe kudzaphunzitsa atakhala pampando, mawu akutuluka motsika, ife tikusendera kutsogolo kuti timve. Anamwalira chakumapeto kwa 2003. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Miyezi yowerengeka yokha. Tinanyamula bokosi lawo ndife, titavala yunifolomu, ndipo pamaliropo palibe amene anatchula dzina la matendawo.

Chakumasana kunafika mlendo amene tinkamudikira, aphunzitsi athu a masamu. Anapuma ntchito kalekale ndipo amakhala mudzi wapafupi. Akuyendera ndodo tsopano, diso limodzi lachita ng'ala, koma titawaona pakhomo tonse tinaimirira nthawi imodzi popanda wotiuza. M'khwapa anali atapanira buku lalitali lachikuto cholimba, m'mbali mwake modyedwa ndi chiswe. Anati ahedi a pano analipeza m'sitolo, pansi pa mulu wa mapepala akale. Anakhala pa tebulo kutsogolo, navala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi.

"Ana anga," anatero, "ndamva kuti mwabwera a Fomu 4 ya 2004. Ine kaundula ameneyo ndilibe. Amene ndili naye ndi wa ana amene ndinawalandira pano mu Januwale 2001. Ndiitana ameneyu."

Munali mayina 58. Anyamata 35, atsikana 23.

Anayamba ndi anyamata, monga mwa nthawi zonse, potsata zilembo. Dzina loyamba linali la msilikali uja, ndipo anayankha mokweza kuti "Present, sir!" tonse n'kuseka. Dzina lachiwiri panalibe woyankha. Aphunzitsi sanapitirire. Anadikira, cholembera chili m'mwamba, mpaka mnzathu wa pa pulayimale uja anati, "Ameneyo ali ku nyanja, amapalasa bwato la eni ake." Aphunzitsi analemba kenakake n'kuitana lina. "Anapita ku Mozambique nthawi ya njala, sanabwerenso." Lina. "Anatisiya mu 2006." Lina. "Amawotcha makala kuphiri." Kuseka kuja kunatha. Ndinazindikira kuti mayina ena ndinali ndisanawamve kapena kuwaganizira kwa zaka 22, koma atangotchulidwa nkhope zinkabwera zonse: uyu ankakhala pafupi ndi windo, uyu ankamenya mpira wopanda nsapato, uyu anandibwerekapo cholembera tsiku la mayeso.

Ambiri mwa mayina opanda owayankhawo anazimiririka nthawi imodzi, teremu yoyamba ya Fomu 2. Amene anaiona njala ya 2002 safuna kuuzidwa. Zokolola za 2001 zinali zochepa, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, mtengo unakwera mwezi ndi mwezi, ndipo boma linadzalengeza za ngoziyo kumapeto kwa Febuluwale anthu atayamba kale kufa. Kolera nayenso anabwera pamwamba. Kwathu tinadya gaga, gaga atatha tinadya zitsa za nthochi zosinja, kenaka chitibu cha chimanga chosakhwima chimene tinkadziwa kuti tikudya zokolola za mawa. Mbuzi zinkagulitsidwa pa mtengo wa nkhuku. M'kalasi anthu ankagona pa desiki, osati chifukwa cha ulesi. Tsiku lina mnyamata wina anakomoka pa asembule pansi pa mlambe uja, ndipo kuyambira pamenepo asembule inkangokhala ya mphindi zochepa. Lolemba lililonse tinkapezeka tachepa. Ena anapita ku ganyu, ena anatsatira makolo kukasaka chakudya kutsidya la malire. Ine chimene chinandisunga pa sukulu si nzeru. Amalume anga ankagwira ntchito ku Lilongwe ndipo kawiri anatitumizira thumba la ufa pa basi. Kusiyana kwanga ndi anzanga aja kunali matumba awiri amenewo.

Aphunzitsi anatembenuza tsamba n'kuyamba atsikana. Apa ndiye zii anachuluka. "Anakwatiwa ku Ntcheu." "Anamwalira pobereka." "Ali pamudzi pompano." Atafika cha pakati anaitana dzina limene tonse tinalidziwa nthawi yomweyo, chifukwa chaka chonse cha Fomu 1 linkakhala pamwamba pa pepala la zotsatira limene ankamata pa chitseko cha ofesi. Tisanayang'anane n'komwe, mawu anamveka kuchokera panja, kudzera m'mabowo a windo.

"Ndilipo, aphunzitsi."

Anali mmodzi wa amayi ophika aja. Anali ataima kunja kwa windo, chipande chili m'manja, ndipo zikuoneka kuti anamvetsera mayina onse kuyambira pachiyambi. Anali yemwe uja anagwada kundithira madzi m'manja.

Sindidziwa mmene ndingalembere zimene zinandichitikira m'thupi. Munthu ameneyu tinkakhala madesiki oyandikana. Ndi iye amene anandiphunzitsa masamu a mabulaketi pansi pa bwemba yemweyo, akulemba pa dothi ndi kamtengo, ine nditalephera kumva m'kalasi. Ndipo ine ndinamutcha "amayi" osamuyang'ana kumaso. Aphunzitsi anavula magalasi nati, "Lowa mwana wanga, malo ako ali muno." Anakana kaye, akuloza chitenje chake chakuda ndi mwaye. Namwino uja anatuluka n'kukamugwira dzanja. Atalowa anapita molunjika pa desiki ya mzere wachiwiri kumanzere, pamene ankakhala, osafunsa munthu.

Pambuyo pake mnzathu wokonza mwambo uja anandiuza kuti anapita kunyumba kwake kukamuitana ngati mlendo, pamodzi ndi ena angapo a pamudzipo, koma onse anakana. Iyeyu anayankha kuti alibe chovala chokhalira pakati pa anthu a m'tauni, komanso kuti mwambowo ndi wa amene anamaliza. Koma anawonjeza kuti, "Ngati mukufuna ophika, ndibwera. Ndikufuna ndidzawaone."

Titadya, ndinakakhala naye pa khonde la buloko yakale. Ndinayamba ndi kupepesa. Anandidula nati, "Achimwene, musadandaule. Ine ndinakudziwani mukutsika pa njinga, mayendedwe anu sanasinthe. Koma ine ndasintha, dzuwa la kuno silisiya munthu." Kenaka anandifotokozera, mosalira, ngati akunena za munthu wina. Bambo ake anapita ku ganyu mu Januwale 2002 ndipo anabwerako akudwala, sanakhalitse. Panyumba panatsala ana asanu, iye woyamba. Kunabwera bambo wina wogula nsomba, wa mkazi kale, amene anali ndi chimanga. Akuluakulu a kubanja anakhala pansi usiku umodzi. Anali ndi zaka 16. Anati chimene chimamupwetekabe si ukwatiwo, poti alongo ake onse anapulumuka ndipo alipo mpaka lero. Chimamupweteka n'chakuti m'mawa uliwonse ankamva limu ija ikulira ali kumunda, ndipo ankadziwa kuti tsopano ndi piriyodi ya masamu.

Malamulo a nthawi imeneyo sakanamuteteza. Mwana wa zaka 15 ankaloledwa kukwatiwa makolo akavomera, ndipo mpata umenewo unadzatsekedwa mu 2017 pamene aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko, patapita zaka ziwiri chikhazikitsire lamulo la maukwati la 2015 loika zaka 18. Ndondomeko yolola atsikana kubwerera ku sukulu akabereka inalipo kuyambira 1993, koma kwathu kuno palibe amene anabwera kudzamuuza, ndipo ngakhale akanamuuza, fizi akanaitenga kuti? Iye mwini anatchula Inkosi Kachindamoto, mayi Theresa, amene analowa ufumu wa dera lino mu 2003 ndipo anadzatchuka dziko lonse pothetsa maukwati a ana ndi kuimitsa mafumu ang'onoang'ono owavomereza. "Kwa ine zinabwera mochedwa," anatero, "koma kwa mwana wanga zinafika pa nthawi yake." Mwana wake wachiwiri, mtsikana, atafika Sitandade 8 achibale a bambo ake anayamba kunena za mwamuna wina wa ku Joni. Iye sanakangane nawo. Anangopita kwa amayi a gulu loyang'anira atsikana pa sukulu, iwo n'kupita kwa mfumu, nkhani n'kuthera pomwepo. Mtsikanayo walemba MSCE mu Julaye pa sukulu yathu yomweyi, ndipo akudikira zotsatira. Fizi yake yachokera ku mpunga, ku zitumbuwa ndi ku maganyu ophika ngati limeneli.

Ndinamufunsa ngati mwanayo amakhoza masamu. Anaseka koyamba tsiku limenelo, mpata wa mano uja n'kuonekera, ndipo apo ndiye ndinamuona mtsikana wa Fomu 1 uja bwinobwino. "Mpaka Fomu 1 ndinkamuthandiza ndine," anatero. "Kuyambira Fomu 2 akundiphunzitsa ndi iyeyo. Zimene munaphunzira ine nditachoka, ndaziona tsopano."

Pa ndalama zimene tinasonkha panali zina zimene tinapatula kuti tigule penti ndi kukhoma chikwangwani cha mayina athu 21 pa buloko yakale. Titabwerera m'kalasi palibe amene anafuna kuitchulanso nkhani ya chikwangwaniyo. M'busa uja anati tikhazikitse thumba lolipirira ana fizi. Msilikali anatsutsa, nati tisalonjeze pamaso pa aphunzitsi zinthu zimene zidzafere pa WhatsApp, poti aliyense pano ali ndi ana ake ndi a abale ake, ndipo kwacha inagwa mu Novembala 2023 moti malipiro sakufika pakati pa mwezi. Anakangana ndithu, ndipo ine ndinaona kuti onse awiri akunena zoona. Pomaliza tinagwirizana zazing'ono. Ndalama ya penti ija tinaisiya m'manja mwa ahedi ndi komiti ya makolo kuti ilipirire mayeso a MANEB ana angapo amene angalephere kulembetsa chaka chikubwerachi. Ndipo tinati tikadzakumananso, uthenga usadzayende pa foni pokha. Udzalengezedwe m'matchalitchi, ku mzikiti ndi kwa mafumu, ndipo udzanene kuti ndi wa aliyense amene analowa Fomu 1 mu 2001, kaya anakhala teremu imodzi. Ophika tidzapeza ena.

Sindikuganiza kuti zimenezi zikubweza kanthu kwa iye kapena kwa ena 36 aja. Titawerenga bwino tinapeza kuti mwa anthu 58, amene tikudziwa kuti anamwalira ndi 9, ndipo 7 mwa iwo ndi ochokera mwa amene sanafike Fomu 4. Aphunzitsi anatseka kaundula uja, natipempha kuti tiimirire. M'busa anapemphera mwachidule, akutchula mayina asanu ndi anayiwo limodzi ndi la madamu athu a Chichewa.

Dzuwa litapendeka tinajambulitsa chithunzi china kutsogolo kwa chipupa chomwe chija, pa foni ya namwino. Tilimo 13: ife 11, aphunzitsi pampando pakati, ndi iye ataima kumbuyo kwawo, atasintha chitenje n'kuvala china chimene anabwereka kwa mnzake wophika naye.

Ndisanakwere njinga ndinatulutsa kope langa n'kumupempha kuti andiuze kumene kuli anzathu ena, poti ine ndinali nditasokoneza kale. Anandilanda kopelo ndi cholembera, nakhala pa muzu wa mlambe, n'kuyamba kulemba yekha. Sanayang'ane m'kaundula. Ankawadziwa onse, mudzi umene ali, amene anawakwatira, ana angati, amene akudwala. Analemba masamba atatu, wakabaza akuliza hutala.

Ndinagona pa Golomoti, ndipo m'mawa mwake ndinapeza Sienta yokwera kumtunda. Pokwera Khwekhwerere galimoto imayenda pang'onopang'ono, ikubuula mu giya yoyamba, choncho ndinatsegula kope lija pamiyendo. Zilembo zake ndi zomwe zija, zopendekera kumanja, 7 wodula pakati monga ankatiphunzitsira aphunzitsi a masamu. Anagawa mayinawo monga a m'kaundula, anyamata poyamba, atsikana pambuyo, potsata zilembo. Pa dzina lake analembapo mudzi wake, ndi nambala ya foni ya mwana wake, ndipo pambali pake anawonjezera kuti zotsatira zikatuluka ndidzaimbe madzulo, chifukwa masana foniyo imakhala kotchaja ku msika.